Matimati asanu m'mbale ya apongozi

Lachitatu. Dzuwa loswa mtengo, mutu ukuwawa.

Lero gulu lathu la alimi a kuparokiya linakumana kuti tisankhe chipinda chosungiramo katundu choti timange ku Cassacatiza, pamalire a Zambia. Tekiniku, katswiri wa ku Tete, anafotokoza bwinobwino: china chimangoziziritsa, china chimaziziritsa mpaka zinthu kuuma gwa ngati mwala. Tisankhe chimodzi.

Tonsefe timalima matimati ndi kabichi, zongofuna kuzizira pang'ono. Nanga chovuta n'chiyani? Koma a Fulujensiyo, apulezidenti athu, akuti, "Amayi, tikamanga timange champhamvu. Chozizira pang'ono n'chachibwana." Chomwe akufuna n'choti mlamu wawo azisungamo nsomba za karapau. Tonse tikudziwa, palibe wonena.

Ine dzana ndinaika matimati asanu mu konjeladori, firiji youmitsa gwa, ya kubaraka, kashopu ka Rozita, mnzanga. Lero ndinapita nawo kumsonkhano m'mbale. Pofika masana anali atasungunuka, makungu osupuka, madzi okhaokha. Ndinaika mbaleyo patebulo. "Abambo, ogula a ku Zambia angatenge izi?"

A Fulujensiyo anatosa limodzi ndi chala, n'kupukuta pabuluku. "Awa munathyola atapsa kwambiri."

Ine? Zaka zonsezi ndili m'dimba, lero ndisadziwe kuthyola matimati?

Tinavota pokweza manja. Amayi omwe amadandaula nane kumjigo anangoyang'ana pansi, manja m'mwamba, kumbali ya a Fulujensiyo, poti ndi akatekisita, amatiphunzitsira ana. Ngakhale Rozita amene!

Mbale ija ndawasiyira pomwepo, akadyere ndiwo.

Koma mawa ndiyenera kukaipempha modzichepetsa, poti ndi ya apongozi anga, ndipo aifunsa kale kawiri...