Yunifolomu ya Amayi Yapsa ku Kanyama

George Compound,
Lusaka.
14 Okutobala

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi mwendo uja ukutupabe, kapena mankhwala a kuchipatala athandiza? Kuno ine ndi adzukulu anu tili bwino m'thupi, kungoti kwatentha koopsa ndipo magetsi akumabwera mwa apo ndi apo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndimakudziwani, Atate. Foni ikalira mumatsegula mawu onse, mpaka a kuchigayo amamva zimene tikukambirana. Nkhani iyi si ya pabwalo. Ndapatsira a Petros, aja amabwera ku Katete kudzagula mtedza, ndipo alonjeza kuiika m'manja mwanu lisanafike Loweruka.

Mukumbukira kuti amayi tinawaika m'manda atavala yunifolomu yawo yatsopano ya Chigwirizano. Yakale ija, imene anavekedwa ine ndisanabadwe, munandipatsa ndi manja anu, n'kunena kuti ndidzavale tsiku lolowa m'gulu la amayi a mpingo. Ndaphunzira chaka chathunthu. Lachinayi lililonse ndinkasiya tebulo langa la tomato masana n'kuthamangira kutchalitchi. Tsiku lotiveka linali Lamulungu pa 6 mwezi uno.

Kutatsala masiku anayi, mng'ono wanga Norah anabwera kudzandiona, ndipo anandipeza ndikuyanika bulauzi, siketi ndi duku. Anati nsimbi yamakala ingadetse bulauziyo, ndimupatse akasite kwawo ku Kanyama poti kumeneko magetsi amayaka m'mawa. Ndinazipinda ndekha, ndinaziika m'pepala la pulasitiki ndekha, n'kumuperekeza mpaka pokwerera minibasi. Ndinamuthokozanso. Pamenepo ndi pamene pakundiwawa kwambiri.

Pofika Loweruka foni yake inali yozima. Ndinapita ku Kanyama n'kupeza pakhomo pali loko. Mayi woyandikana naye, ba Sophia, anandiyang'ana mwachisoni, kenako anandiitanira m'mthunzi n'kundionetsa vidiyo pa foni yawo.

Atate, mukudziwa kuti chikwatiwireni ndi Ricky, Norah amapemphera mutenti ya mneneri wina amene amamutcha ba Papa. M'vidiyomo anali atagwada kutsogolo kwa anthu. Mneneriyo ananyamula bulauzi ya amayi ndi kamtengo ngati khoswe wakufa. Ananena kuti mzimu umene ukuchotsa mimba za Norah umakhala m'chovalacho, ndipo mwini wake ankaimba nyimbo za Mulungu ndi pakamwa pokha. Anamufunsa Norah katatu ngati akukana mzimu wa amake, ndipo katatu konse anavomera pa maikolofoni. Kenako anathira palafini n'kuyatsa, anthu akuomba m'manja. Kolala ija amayi anaisoka ndi ulusi wabuluu poti woyera unali utawathera, ndinaiona ikupsa.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo ngati wamisala. Norah ameneyu ndinamubereka kumbuyo ine. Ndine ndinamutenga kumudziko kudzamulowetsa sukulu kuno. Mimba zake zitatu zitachoka, amene ankamudikirira kuchipatala ndi kumuchapira nsalu anali ndani? Ba Papa sindinawaoneko. Nanga amayi, amene ankayenda wapansi mpaka midzi ya kutsidya kukasambitsa odwala, lero atchedwe achinyengo pamaso pa anthu osawadziwa n'komwe?

Lamulungu ndinalawirira kwa amayi abusa n'kuwafotokozera zonse. Anatulutsa bulauzi yawo ina n'kundibwereka. Iwo ndi athupi ndithu, moti manja ake anandipitirira zala. Tinavekedwa asanu ndi awiri. Anzanga ankalulutira, ine misozi ili chuchuchu, ndipo anthu ankayesa ndi ya chimwemwe.

Musaganize kuti ndikunyoza mapemphero a anzathu. Pano pa George tili ndi a Katolika, a Sabata, a Zioni ndi ng'oma zawo, ndipo pamaliro timaphika pamoto umodzi. Ba Chola, amene timagulitsa moyandikana, ndi a Pentekoste enieni olankhula malilime, koma atamva anagwira pakamwa. Anati kwawo amapempherera munthu, sawotcha zovala za akufa.

Lachiwiri Norah anabwera yekha pa tebulo langa. Ndinkayembekeza kuti agwada apepese. Ayi ndithu. Anandiuza m'chinyanja chake cha m'tauni kuti ine siniziba vinthu va mzimu, ndiponso kuti watipulumutsa tonse awiri. Nditamufunsa chifukwa chimene anandinamizira za kusita, anati akananena zoona sindikanamupatsa. Pamenepo sananame.

Tsopano chimene ndalembera kalatayi ndi ichi. Mneneriyo wamuuza kuti muzu wa vutoli watsala kumudzi, m'buku la nyimbo la amayi, lija mumasunga m'sutikesi pamodzi ndi kalata yanu ya ukwati. Norah akwera basi Loweruka likubwerali. Adzakuuzani kuti wakusowani, mwina adzakubweretserani shuga ndi mafuta ophikira. Akudzera bukulo, Atate, kuti nalonso likapse.

Norah atandiuza zimenezi dzanja langa linanyamuka kuti ndim'menye mbama pamsika pomwepo. Ndiye anagwira pamimba pake n'kundiuza kuti ali ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo sagona tulo ndi mantha. Dzanja linagwa lokha.

Pempho langa ndi limodzi. Bukulo mulichotse m'nyumba asanafike, mukalisungitse kwa azakhali, ndipo iye akabwera musam'kalipire. Ndikudziwa mtima wanu ukapsa mawu amamveka mpaka kudambo, koma ulendo uno mudzigwire. Akafunsa, mumuuze mofatsa kuti bukulo mulibe m'nyumbamo ndipo simum'patsa. Muja muli zolemba za amayi m'mphepete mwa masamba, masiku athu obadwa ndi nyimbo zimene ankakonda. Cholembedwa ndi dzanja lawo china sitinatsale nacho.

Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Mukam'kalipira mimba n'kuchoka, kutentiko adzati mzimu wa amayi wabwezera. Mwana akabadwa wamoyo, adzati moto wa ba Papa wagwira ntchito. Uku ndi uku dzina la amayi ladetsedwa, ndipo iwo sangadzuke kuti adziyankhire. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma langali lathyoka kaye. Komabe m'mawa uliwonse ndikumapemphera kuti mwanayo abadwe wamoyo, ngakhale ndikudziwa amene adzatamandidwe.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa achimwene a Isaiah ndi alamu, kwa ana onse ndi kwa amayi a Chigwirizano amene ankaimba ndi amayi. Za yunifolomuyi musawauze. Norah akafika mum'phikire bwino, mum'patse pogona pabwino, ndipo asanyamule zolemera. Koma moni wanga musam'patse. Pakali pano ndilibe.

Ambuye akusungeni, Atate.

Ndine mwana wanu,
Emelda