Madzi afika kumunda wanu wa kuphiri

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno kwanu ku Biriwiri tilipo ndithu. Ndine Teleza, mwana wanu wa maovolosi uja. Ndakhala nthawi osakulemberani, koma lero mtima wakana kuugwira, nkhani ikundiyabwa pakamwa.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mng'ono wanga Lusiya anachira bwinobwino kuchipatala cha ku Nzama, mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Malita, dzina lanu. Mwanayo watengera ndi liwu lanu lomwe, akayamba kulira a kutsidya amadziwa kuti wadzuka. Chimanga sichinachite bwino kwenikweni, mvula inadula chitangoyamba kumasula, koma nyemba ndiye zinabereka. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, kunangotsala tambala wamwano uja. Denga la khitchini likudonthabe pamene pankadontha paja, ndipo musandifunse chifukwa chake ine mmisiri wathunthu sindinakonze.

Nkhani yeniyeni ndi ya munda wanu wa kuphiri. Titangometa, alongo anu, amalume a Yohane, anatiitana ine ndi Lusiya n'kutiuza kuti, “Ana inu, munda uja ndi miyala yokhayokha. Amayi anu ankaupirira poti anali ndi khosi lachitsulo. Ndani mwa inu azisenza madzi kuchokera kumtsinje? Kuli munthu wa geni ku Lizulu akuufuna, akuti adzalemo bulugamu.”

Amayi, mtima unandiwawa. Ndinakuonani m'maganizo mukukwera chitunda chija, ndowa pamutu, kheni m'manja, chilimwe chonse, kuthirira mbatatesi zimene zinanditumiza kusukulu ya zaumisiri. Ndinakumbukira mmene munkanenera mukatula ndowa: “Teleza, khosi langali lathera m'phirimu, lako lisadzathere momwemu.” Munkanena chomwecho, komanso ndinu nomwe munkandiseka ndikabwera patchuthi, mumvekere, “Nthawi yathu ukanagona kupolisi ndi buluku lakolo.” Ndiye munda umenewo udzalidwe bulugamu ine ndikuona? Ayi ndithu.

Ndinagwada mwaulemu monga munandiphunzitsira, koma mawu ndinatulutsa osapsatira. Ndinati, “Amalume, ndipatseni mpaka chisanu chithe. Madzi akapanda kufika kumundako okha, popanda wowasenza, gulitsani, sindidzatsegulanso pakamwa.” Anaseka mpaka kutsokomola. “Madzi kukwera phiri? Sukulu yakuzunguza mutu iwe.” Komabe anavomera, podziwa kuti ndigwa nayo ndipo nkhani ithera pomwepo.

Ndinayamba kupanga pampu yokweza madzi kuphiri. Mukanakhalapo mukanandifunsa kuti chinthucho chimadya chiyani, poti inu chilichonse chobwera pakhomo munkayamba mwafunsa zimenezo. Sichidya mafuta, sichifuna magetsi. Tinatchinga mtsinje pang'ono ndi miyala cha kumtunda, madzi n'kumatsika mwamphamvu m'paipi yachitsulo. Kumapeto kwa paipiyo kuli kachitseko kamene kamalavula madzi kenako n'kudzitseka mwadzidzidzi. Kakatseka, madziwo amasowa kolowera, ndiye amadzikankha okha kulowa m'paipi ina yopita kuphiri. Chimimba cha pampuyo ndinapangira chozimira moto chakutha chimene ndinatola kugalaja komwe ndimagwira ntchito. Kudula, kuwotcherera, zonse ndi manja anga omwewa, amene anthu ankati sadzapeza banja chifukwa cha girisi.

Amene anakumba ngalande ya paipi ndi amayi anzanu a kumphakati. Anabwera ndi makasu awo, ana kumbuyo, nyimbo pakamwa. Azibambo ena ankakhala pamwala paja n'kumatipatsa nzeru zaulere, koma khasu osaligwira. Pampuyo inandikana kangapo, Amayi. Tsiku lina paipi inaphulika n'kundisambitsa matope pamaso pa gulu lonse, ndipo a pamwala aja anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinapukuta kumaso, n'kuyambiranso.

Lachisanu lina masana, chisanu chili pafupi kutha, chinthu chija chinavomera. Chinayamba kugunda, gu, gu, gu, osalekeza, ndipo madzi anafika m'thanki kumunda. Ndinatumiza uthenga kwa amalume kuti mawa lake m'mawa abwere, atenge ndi munthu wawo wa bulugamu yemwe, adzaone okha. Kudzitama kumene ndinadzitama tsiku limenelo, mukanandikoka khutu.

M'mawa mwake ndikufika kumunda, kuli zii. Paipi youma, kumtsinje kosamveka kugunda. Amayi a kumphakati anali atasonkhana kale, atavala nsalu zawo zabwino. Posakhalitsa amalume anatulukira ndi mlendo wawo, bambo wa jekete lachikopa, amene anayamba kuyendayenda m'malire ngati munda ndi wake kale. Amalume anasuzumira kukamwa kwa paipi, n'kundiyang'ana. “Nanga madzi aja ali kuti, a injiniya?” Ndinangoliyatsa liwiro kutsetsereka kumtsinje.

Kumeneko ndinapeza mng'ono wanu, amayi aang'ono a Nangondo, atakhala pambali pa pampu, nkhope ili ngwee, ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika. Kachitseko kaja anali atakakulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, kumanga kwake kothina, mfundo pamwamba pa mfundo, monga mmene mumamangira ndowa yodontha.

“Ndakukonzera, mwanawe,” anatero. “Ndinalawira kudzaona, ndapeza chinthu chakochi chikungotaya madzi. Pali alendo lero, ukanachita manyazi. Madzi satayidwa chonchija, amako akanakukalipira.”

Amayi, ndinasowa choyamba, kulira kapena kuseka. Ndikanawakwiyira bwanji? Munthu amene wasenza madzi moyo wake wonse sangaone dontho likugwa pansi iye n'kungopenya. Inunso mukanamanga, musakane, mwinanso mukanawonjezera ndi sopo pamwamba. Ndinawauza kuti, “Mayi, kulavulako ndiye mphamvu yake. Mukachitseka pakamwa chimafa. Madzi amene chikutayawo akubwerera mumtsinje momwemu, a kumunsi akumwa omwewo.” Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mfundo zawo, kenako anandikalipira ngati wolakwa ndine: “Ndiye ukudikira chiyani? Masula msanga, munda ukupita!”

Tinamasula tonse awiri, ine ndi mpeni, iwo ndi mano. Ndinakankha kachitseko ndi chala, kamodzi, kawiri, ndipo chinthu chija chinadzuka. Gu, gu, gu! Tinakwera chitunda chija tikuthamanga, ndipo musadabwe, anayamba kufika ndi amayi aang'ono, nsalu atakwinya m'chiuno.

Paipi inayamba yatsokomola, inalavula mpweya, kenako madzi anatuluka, oyera, ozizira, n'kumagwera m'thanki anthu onse akuona. Nthungululu zimene zinalira pamenepo ndikhulupirira zinamveka mpaka ku Mozambiki. Amayi anzanu anavina m'mizere momwemo, wina anatunga madziwo m'manja n'kundithira kumutu. Ine ndinangoima, misozi ili chuchuchu, ndikuseka ngati wamisala.

Amalume sanakhulupirire msanga, mukuwadziwa alongo anu. Anagwira madziwo, anawalawa, kenako anatsata paipi yonse mpaka kumtsinje kukaona ngati sitinabiseko munthu wopopa. Anabwerako ali wefuwefu, chipewa chili m'manja. Anatembenukira kwa mlendo wawo uja n'kunena kuti, “Pepani bambo, mwavutika ulendo. Munda uno uli ndi eni ake.” Bamboyo analiza njinga yake yamoto n'kumapita, fumbi lili koboo.

Kuyambira tsiku limenelo pampu sinapume. Tinadzala mbatatesi, kabichi ndi anyezi chilimwe chitangoyamba, ndipo anthu odutsa mumsewu amaima n'kumaloza kuti chobiriwira paphiripo n'chiyani. Madzi otsala tinawagawira minda ya amayi amene anakumba ngalande. Woyang'anira pampu ndi amayi aang'ono omwe aja. Amayenda ndi sipanala m'thumba la chitenje, ndipo mlendo aliyense amamulongosolera ngati anaipanga ndi iwo, n'kumuchenjeza mwaukali kuti asayerekeze kuitseka pakamwa. Atsikana a kusekondale amabwera Loweruka kudzaphunzira kudula mapaipi, ndipo awiri mwa iwo akuwotcherera kale moti sindichita kubwerezamo. A mudzi wa kuseri kwa phiri atumiza amayi awo kudzandipempha kuti ndikawaonere mtsinje wawo. Amalume nawonso ayamba kudandaula mokweza, ine ndili pafupi, kuti dimba lawo lili patali ndi madzi. Ndikuwasiya adandaule kaye pang'ono.

Dzulo ndinapita ndekha kukakumba phando loyamba. Nditazula, mbatatesi zinatuluka zikuluzikulu, zosalala, dothi lake lonyowa mwezi uno wa dzuwa loswa mtengo. Ndinakhala pansi mumzere momwemo, mbatatesi ili m'manja, ndipo ndinalira, chifukwa woyamba kulawa munayenera kukhala inu. Koma kunali kulira kwa munthu wopambana, Amayi. Munda wanu sunapite. Uli pompaja, wabiriwira kuposa kale, ndipo palibe mkazi amene wasenzera ndowa kuti ubiriwire.

Ndikukulonjezani kuti ine ndili moyo, munda umenewu sudzalowa m'manja mwa mlendo, ndipo sudzaumanso. Gonani bwino, mwaugwirira ntchito mokwanira.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Teleza