Mfuu ya Pansanja ya Montcarel

Montcarel,
26 Seputembala 1957

Okondedwa achemwali anga a Huguette,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Lille pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ine ndilipo, kungoti manja ada bii ndi mphesa ndipo msana ukuchita ngati si wanga. Mukhululuke kalembedwe kokhotakhotaka, ndikulembera pabondo m'chipinda cha bambo. Musadzidzimuke, angogona. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto musanayambe kundikalipira monga mwa chizolowezi chanu.

Poti mwakhalitsa kwa anthu okonda mowa wa balere, ndikukumbutseni lamulo la kwanu. Kuno munthu sadula mphesa ngakhale tsango limodzi mpaka wamkulu wa amikanjo yofiira, akuluakulu oyang'anira vinyo wa mzinda aja, atakwera nsanja ndi miyendo yake n'kufuula kuti zapsa. Wodula nthawi isanakwane, migolo yake siiikidwa chidindo cha mzinda, ndipo vinyo wake amangokhala wa m'mabala a kudoko. Wamkulu akalephera kukwera, amavula mkanjo n'kupatsa womutsatira. Wamkuluyo akadali bambo athu, ndipo wowatsatira akadali a Cazenave, omwe aja anafunsira malemu mayi bambo asanawafunsire. Basi nkhani yonse yagona pamenepo.

Chaka chino mphesa zinapsa msanga. Kenako kunabwera kamvula kotentha, ndipo m'minda ya kumunsi matsango anayamba kuchita chuku. Anthu ananola mipeni, anakonza madengu, maso onse kwa bambo. Bambo ziii. M'mawa uliwonse ankapita kumunda, kulawa mphesa imodzi, kulavula njere, n'kunena kuti, "Zisanafike."

Zisanafike chiyani, achemwali! Ngakhale mavu ankadziwa kuti zapsa.

Lachinayi nditapita kukagula buledi, ndinangolowa, onse anasiya kuyankhula. Mayi Bousquet ondigulitsawo sanathe kudzigwira.

"Léonie mwanawe, bambo ako akudikira chiyani? Khirisimasi?"

"Akuti zisanafike, mayi."

"Zisanafike za ndani? Zawo za kumpoto kwa phiri zija? Ife zathu ziziola kuti zawo zipse? Ukawauze kuti mkanjo uja si bulangete lofunda okha."

Ndinatuluka nkhope ikuyaka, chenji ndinaisiya pomwepo. Chinandipweteka kwambiri n'choti nanenso ndinkaganiza zomwezo.

Madzulo ake a Cazenave anabwera kunyumba, chipewa m'manja. Anakana ngakhale kukhala pansi.

"Aristide, anthu atopa. Kukubwera matalala, bondo langali silinama."

"Bondo lako linayamba liti kuweruza mphesa?" bambo anatero. "Ukufuna mkanjo ungonena, Fernand."

"Mkanjo wakowo ungandikwane ine? Ndikufuna mphesa zanga zilowe m'nyumba."

Atapita, bambo anatsikira kuphanga kwathu kosungirako vinyo kukatenga botolo. Anachedwa. Nditawalondola ndinawapeza ali pamasitepe, atatsamira khoma, milomo itachita buluu, akupuma ngati munthu wothamangitsidwa ndi galu. Timasitepe tija, achemwali, tomwe inu ndi ine tinkadumpha tiwiritiwiri! Pomwepo ndinamvetsa. Sikuti ankadikira mphesa zawo, ankadikira kuti mtima ubwerere m'malo mwake. A dokotala anali atawaletsa kale kukwera chilichonse, iwo n'kubisa.

"Bambo, perekani mkanjowo," ndinatero. "Ndapota nanu."

"Kwa Fernand? Ndili moyo?"

"Nanga mukufuna muupereke mutafa?"

Anandiyang'ana ndi diso lija mukulidziwa. Mwina mudzati ndikanathamangira kwa a dokotala. Nenani, koma inu simunalipo.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, kumadzulo kunali kutada bii, mphepo itangoti zii. Palibe anapita kwawo. Mzinda wonse unaima pabwalo patsinde pa nsanja, madengu pansi, mipeni m'manja, popanda woyankhula. Bola akanatukwana. Bambo anadutsa pakati pawo n'kulowa m'nyumba, ndipo potuluka anali atavala mkanjo.

Mukudziwa kuti tsiku limeneli mkazi sakwera nsanja. Ine ndinangowatsatira. Atatsegula chitseko anacheuka.

"Ukupita kuti iwe?"

"Simunandiphunzitsepo mbiri ya nsanjayi. Munkangophunzitsa a Huguette."

Anandiyang'anitsitsa. Ankadziwa kuti ndikunama, nanenso ndinkadziwa kuti adziwa. "Tseka chitsekocho," anatero.

Ha, mbiri ndinaiphunzira tsiku limenelo! Titangokwera pang'ono anaima pa kawindo koyamba, n'kugwira khoma.

"Apa ndi pamene asilikali a mfumu ya Angelezi ankaponyera mivi. Ankamwa vinyo wathu, n'kumatilasanso. Ukumva?"

"Ndikumva, bambo."

Ndinafunsa mafunso opusa kuti apume. Mivi yake inali yaitali bwanji, ankagona pati, ankadya chiyani. Iwo ankayankha pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Tinakweranso. Pa windo lachiwiri anandionetsa denga la tchalitchi chimene amonke, ansembe akale aja, anachisema m'thanthwe, akuti miyala imene anachotsamo ndi imene inamanga nsanjayi, ndipo maenje amene anatsala ndiwo mapanga athu osungiramo vinyo. Zoti mzinda wathu wakhala pamwamba pa mphako ndani sazidziwa? Koma ndinadabwa mokweza ngati mlendo wochokera ku Paris.

Masitepe a kumtunda aja anadyeka pakati ndi mapazi a anthu akale, ndipo amaterera. Ndinali kumbuyo kwawo, manja ali chire, kuti akagwa agwere ine. Kupuma kwawo kunkamveka ngati macheka. Kunja bingu linagunda. Pafupi ndi pamwamba pali khoma lija lolembedwa mayina a onse amene anafuulapo. Anaika chala pa dzina la agogo, koma apa sananene mbiri iliyonse.

"Tibwerere, bambo. Palibe angakusekeni."

"Kankha," anatero. Ndinaika phewa kumsana kwawo n'kukankha.

Titatulukira pamwamba mphepo inatiwomba, mkanjo uli pekupeku. Pansi anthu ataona chofiira anakuwa. Bambo anafika pakampanda, anakweza dzanja, anatsegula pakamwa.

Sipanatuluke kanthu, achemwali. Anayesanso. Ndinaona mlomo ukukhotera mbali imodzi, dzanja lamanja likugwa lokha ngati nsanza yonyowa. Mawondo anapinda, ine n'kuwagwira, tonse tinakhala pansi kuseri kwa kampanda. Ndinkafuna kukuwa kuti aitane a dokotala. Koma iwo anandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu moti chipsera chilipobe, n'kundikankhira kukampanda. Maso awo ankandilamula.

Ndinaimirira. Mawu aja ndawamva chibadwire, koma mutu unali mbee. Ndinangotseka maso n'kufuula:

"Anthu a Montcarel, mphesa zapsa! Nolani mipeni! Mulungu atisungire vinyo!"

Mukudziwa kuti bwalo lonse limayenera kuyankha kuti "Atisungire!" Palibe anayankha. Ndinamva wina akuti, "Aa, ndi mkazi uja!" Wina n'kuti, "Zimenezo sizowerengedwa, Aristide ali kuti?" Madontho akuluakulu anayamba kugwa, anthu ali chiimire ngati zitsa, kuyang'ana amikanjo yofiira. Amikanjowo n'kumayang'ana a Cazenave. A Cazenavewo akanangopukusa mutu, mkanjo wa bambo ukanakhala wawo, ndipo bambo akanatsika nsanja ija ngati munthu amene anaoletsa mphesa za mzinda n'kulephera ngakhale kufuula.

A Cazenave anavula chipewa. "Atisungire!" anakuwa okha, ndi mawu awo osasa aja. Kenako anatembenukira anthu. "Mwagontha? Nsanja yayankhula! Mukudikira matalala akudulireni?"

Bwalo linaphulika, aliyense liwiro la kumunda. A Cazenave sanapite kumunda kwawo. Anakwera nsanja ndi bondo lawo lija, a dokotala pambuyo, ndipo anatsitsa bambo atawabereka kumsana, akuwanyoza njira yonse. "Ukulemera ngati mgolo, Aristide. Kunyada konseku n'kumene kukulemeretsa." Ine ndinkalira ngati mwana, sindibisa.

Matalala anagwadi masana. Minda ya kumunsi inapulumuka pang'ono, koma wa a Cazenave unatheratu, poti mwini wake anali kuno. Kumunda kwathu anthu anabwera kudzatithandiza Lolemba, ngakhale mayi Bousquet, ndipo chenji changa anandibweretsera. Mkanjo uli pachitseko apa. A Cazenave amabwera tsiku lililonse, amakhala pampando, ndipo sauyang'ana n'komwe.

Bambo mbali yakumanja sikugwira. A dokotala akuti tidikire, ndipo akamanena amayang'ana nsapato zawo. Mawu sanabwerere, kupatula dzulo. Ndinawafinyira mphesa ya m'munda mwathu pamilomo, anailawa, n'kuyamba kulimbana ndi lilime. Ndinasendeza khutu. Anati, "Mi... golo." Ndinaganiza kuti akudera nkhawa za kuphanga, ndinawauza kuti zonse zili bwino. Anapukusa mutu mokwiya. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti mfuu ija imati, "Nolani mipeni, tsukani migolo." Ine za migolo ndinadumpha! Munthu ali gone chonchi, n'kumandikonzabe. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo nawonso mbali ya nkhope imene ikugwira inamwetulira.

Tsono achemwali, bwerani. Musadikire kuti alamu apeze tchuthi, kwerani sitima ya Loweruka. Sikuti pali choopsa, kungoti ntchito yandichulukira ndipo inu supu wanu amamukonda kuposa wanga. Mutengenso diresi lanu lakuda lija, kuno kwayamba kuzizira.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. A Cazenave akuti moni. Bambo ndawauza kuti ndikulembera inu, ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Atsegula maso, ayang'ana kuchitseko, ndipo mpaka pano akuyang'anabe komweko.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Léonie