Msoko wa Ndodo Nambala 17

Mlongo wanga Fumie,

Mwamuna wako, Kuramochi Teruo, ndiye wandigwiritsa cholembera lero. Koma ndiyambe ndi moni. Muli bwanji ku Kushiro ndi chisanu chimenecho? Mawondo aja akuvutabe? Ine ndilipo, chifuwa chokha. Ndatumiza mbatata zouma, udye wekha.

Ukukumbukira chaka cha 1984. Ndinali wowotcherera pamalo ofufuzira paja, ndinkatseka kukamwa kwa ndodo zachitsulo zodzaza yureniyamu zisanalowe m'ng'anjo ya nyukiliya. Ndodo nambala 17 itadontha, mlamu wangayo anauza akuluakulu kuti munthu wolekeza sukulu panjira ngati ine sangawotcherere msoko wolimba.

Ndodo yotuluka m'ng'anjo siyandikirika, imapha. Ekisileyi siiona kanthu, ndipo ukaidula wawononga umboni. Teruo anati kufufuza kwina n'kutaya nthawi. Kalata yopepesa anandilembera yekha, ine n'kudindapo chidindo changa, n'kuwerama mpaka mphumi kugunda tebulo. Ndinachitira iwe, unali ndi pathupi. Zaka makumi awiri ndinazithera mosungira katundu, kupinda magolovesi. Mkazi wanga Kinuyo anamwalira anthu akumutchabe mkazi wa wodonthetsa.

Lachiwiri kunabwera Dokotala Nagase, mayi amene akuyang'anira ndodo zakale. Anati aziunika zonse ndi manyutironi, osadula ngakhale imodzi. Akuti timeneti n'tinthu tosaoneka, timadutsa m'chitsulo ngati mphepo pa ukonde, koma pamene panalowa chinyezi timakodwa, pachithunzi n'kuda.

Anandibweretsera chithunzi cha nambala 17. Fumie, ndinauona msoko wanga! Woongoka, wopanda mng'alu, ngati ndawotcherera dzulo. Madontho akuda ali pakati pa ndodo, kutali ndi pomwe ndinagwira ine. Yureniyamu anamuikamo asanaume bwino, chinyezi n'kudya chitsulo kuchokera m'kati. Nanga woumitsa anali ndani? Pepala lake lilipo, chidindo cha mwamuna wako chili psuu.

Mayiyo anati msoko wotere ngakhale makina a lero amauchitira nsanje. Ndinamuonetsa manja omwewa, amene akulephera kumanga batani. Ndinaseka mpaka mano oikirira anagwera m'tiyi.

Chithunzicho ndachiika paguwa la m'nyumba, pafupi ndi cha Kinuyo. Ndinayatsa lubani, ndinamuuza zonse.

Iwe sindikusungira kanthu, mlongo wanga. Ukhale ndi moyo wautali. Undiperekere moni kwa mwana wako Noboru, amene sadziwa kuti malume ake anawerama chifukwa cha iye.

Koma kuchipatala anena kuti maluwa a chaka chamawa sindidzawaona. Tsono umuuze Teruo kuti za patelefoni ayi, za papositi ayi. Akwere sitima ndi chidindo chake m'thumba, adzagwade pamaso pa Kinuyo, adinde pansi pa chithunzichi kuti msoko wa Shigeji unali wabwino. Inki yofiira ndagula kale.

Ndine mlongo wako,
Shigeji