Mapichesi a Idrisa

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno kunja kwa dziko, ku Lawrence, tilipo. Nthanga za maungu munandimangira pakansalu zija zabereka kuseri kwa nyumba, mpaka nkhwani ndagawirako anzanga a kutchalitchi.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tadala, amene anakwatiwa ndi Idrisa, Msilamu wa ku South Bend uja. Ali ndi mwana wamwamuna. Amutcha Yusufu, dzina la sultani, mfumu yachisilamu yakalekale imene inalanda Yerusalemu m'manja mwa Akhristu. Mkamwini wanu, bambo a Tadala, mukuwadziwa kuuma mutu. Anati iwo, mkulu wa mpingo wathunthu, sanganyamule mwana wa dzina limenelo. Tadala ankangolira pa foni, ine mtima unkandiwawa.

Kenako bambowo anadwala chibayo, tinawagoneka kuchipatala cha m'tauni. Idrisa anabwera ulendo wonse uja atanyamula mapichesi ndi ayezi. Iwo anatembenukira kukhoma, ati agona. Mnyamatayo sanakhumudwe. Anakhala pampando n'kumandifotokozera ine za sultaniyo: kuti atalanda mzinda uja sanaphe Akhristu okhalamo, ndipo mfumu yomwe ankamenyana nayo itadwala, anaitumizira zipatso ndi madzi oundana a kuphiri. Anati akufuna mwana wake adzakhale ndi mtima umenewo. Munthu wogonayo, amayi, khutu linali chilili.

M'mawa ndinapeza nthanga za mapichesi atazibisa pansi pa pilo. Ndinangokumbukira mawu anu aja akuti chibale n'fupa, sichiola.

Atachira, Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi, anati galimoto ikufunika kuyendako ulendo wautali. Njira yake inakathera ku South Bend. Tadala anagwada n'kuwapatsa mwana. Iwo anamulandira, kumuyang'anitsitsa, kenako anamuitana ndi dzina lake lomwe lija. Nthawi yomweyo Yusufu anawanyowetsa suti yonse ya kutchalitchi. Paja inu munkati mwana akakukodzera ndiye kuti wakulandira. Ndinaseka mpaka misozi, koma misozi ina inali yanu, chifukwa munayenera kukhalapo.

Akayamba kuyenda tidzabwera naye kumudzi, adzaone pamene munagona, ndipo agogo ake anena kale kuti adzamunyamula okha.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani,
Ine mwana wanu,
Esinati