Madontho Atatu a Phula pa Mkanjo wa Agogo

Zahle, 24 Epulo

Okondedwa achimwene a Nakhle,

Ndikhulupirira muli bwino ku Sydney kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unaleka? Ife kuno tili bwino, ndipo tili pa chimwemwe chachikulu.

Dzulo bambo akwezedwa kufika gawo lachinayi, lomaliza, la gulu lakutchalitchi lija la Abale a Jirjisi Woyera! Mukanawaona ali ndi lupanga m'chiuno! Amayi anati akuyenda ngati tambala, bambo n'kuyankha kuti tambalayo munasankha nokha.

Koma achimwene, ndinatsala pang'ono kuwononga zonse.

Sabata yatha amayi anandipatsa mkanjo wa agogo, umene bambo amayenera kuvala, kuti ndiusite. M'kati mwa mpendero ndinaona madontho atatu a phula la kandulo. Ndinayala pepala pamwamba, n'kuyendetsa simbi mpaka phula lonse linalowa m'pepalamo. Ndinanyadira ntchito yanga.

Bambo ataona anangokhala pansi. Anati munthu akakwezedwa kufika gawo lomaliza, mkulu wa gulu amadontheza kandulo pamenepo. Madonthowo anali agogo awo, bambo awo ndi akulu awo. Popanda iwo mkanjowo ndi wachilendo, ndipo mwina adikiranso chaka, atadikira kale zaka khumi ndi zisanu. Ine ndikanadziwa bwanji, poti akazi satiuza? Tsiku limenelo bambo sanadye.

Mukudziwa kuti sinditaya kanthu. Pepala lija ndinali nditalipinda bwino. Mukudziwanso kuti ngakhale pogula buledi mawu amandithawa. Komabe ndinapita nalo ndekha kusitolo ya a Boulos, mkulu wa gulu.

Analikweza pepalalo padzuwa, madontho onse atatu n'kuoneka. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati mwana wanga, agogo ako ankadana ndi kusamba, iwe wawasambitsa atamwalira! Kenaka anati anthuwa sanachoke, angosamuka nyumba, kalisokere pepalali m'mpendero.

Ndinalisokera ndi ulusi wowirikiza. Dzulo dontho lachinayi lagwera pambali pake. Bambo atatuluka m'tchalitchi anandipsompsona pamphumi, anthu onse akuona.

Tsono pempho langa ndi ili. Munachoka muli pa gawo lachiwiri. Bambo sanena, koma lero ndawapeza akuyeza ndi chala malo otsala pampendero. Bwerani, achimwene. Ndikulonjeza kuti dontho lanulo sindidzalisita.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Jirjisi Woyera akuyang'anireni.

Ndine mlongo wanu,
Wardeh