Gilisi wa Kuchigayo

Lolemba, 6 Januwale 2025

Mvula kuyambila m'mawa. Chinyezi mpaka m'kabati ya mfuti. Tsopano zilimo zisanu ndi ziwili. Bwana wanga aSakala abwela ndi ina kuchokela ku Lusaka, mapepala ake onse ali bwino. Dzina lake SKS, ya asilikali akale. Imadya zipolopolo khumi, ukawomba chimodzi china chimadzilowela chokha. Mtengo wake wofiila, wopalika malo atatu. Ndawelenga.

Yotele ndinaionapo ndili mwana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, m'manja mwa anthu amene anatentha nkhokwe kwathu kumalile. Bwana sindinawauze. Iwo ndi msilikali wopuma, mfuti amazikonda ngati ng'ombe zao.

Akuti anaipanga ndi Simonov wa ku Russia, mwana wa alimi, sukulu pang'ono chabe, ntchito anayambila kwa wosula zitsulo. "Sukulu yako yomweyo, Lazarous, koma ona zimene mnzako anachita ndi manja." Ndinaseka. Mumtima ndinakondwako.

Lachinai, 9 Januwale

ASakala apita kumalilo ku Petauke, akhala sabata ziwili. Mafuta a mfuti atha, botolo ndaligwedeza mpaka dontho lomaliza. Pa SKS ndapeza kadzimbili ngati njele ya mapila. Zaka khumi ndi chimodzi ndikusamala kabati iyi, dzimbili bwana sanalionemo. 

Masana ndatapa gilisi kuchigayo cha pafamu, m'chitini cha mkaka. Ndamasula mfuti yonse, ndapaka chitsulo chilichonse. Ngakhale kamsomali komenya chipolopolo. M'kabowo kake ndakanikizamo gilisi ndi kamtengo ka machisi, kuti madzi asapeze njila. Zinazo zikali ndi mafuta, sindinazikhudze.

Ntchito yoyela. Mtima wakhala pansi.

Loweluka, 1 Febuluwale

 Ndilembe mwa dongosolo.

Tsiku lowombela kuchulu, monga mwezi uliwonse. Alendo awili a bwana. Wilbroad, wa kumakola a nkhumba, anapita kukaimika zitini pachulu. Josphat, mlamu wanga, woyendetsa thalakita, anapatsidwa SKS kuti aikemo zipolopolo. Anakoka chitsulo, n'kuchisiya. Mfuti inayamba kulila yokha. Osati kamodzi. Motsatizana, ikudumpha m'manja mwake. Wilbroad anali akubwelela. Ziwili m'chiuno.

Tinamunyamula pa lona wa chimanga mpaka kugalimoto. Ali kuchipatala ku Nyimba. Josphat atengedwa ndi apolisi. Mau ake amodzimodzi, njila yonse: "Chala changa chinali kunja, mlamu! Chinali kunja!"

Palibe womukhulupilila. Aliyense akudziwa kuti pa Khilisimasi anamenyana ndi Wilbroad chifukwa cha nkhumba zimene zinalowa m'munda wake.

Lolemba, 3 Febuluwale

Mfuti ili kupolisi. Kabati ndaipukuta kawili popanda chifukwa.

ASakala pakhonde, ndevu zosameta, tiyi wazizila. Anati: "Mfuti siwomba yokha, pokhapokha kamsomali katakakamila kutsogolo. Ka Simonov kamafuna kukhala kouma. Ukagwedeza, kazilila ngati kamwala m'chitini. Koma iwe umazidziwa zimenezo."

Ndinati inde bwana.

Sindimadziwa. Zinazo ndinaphunzila poonelela iwo. Iyi anachoka asanandionetse.

Lachinai, 6 Febuluwale

Sophia, mlongo wanga, wasamukila kwathu ndi ana. Abale a Wilbroad akuti amutenthela nyumba. Lelo wabweleka njinga, kukapeleka chakudya kwa Josphat, mwamuna wake, kupolisi. Ali pakhomo anandifunsa: "Alongo, inu mumagona nazo mfuti zija. Zingatheke zimene akunena atate a Abby?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinamupopela matayala, onse awili, ndinayesa ndi chala, ndinapopanso.

Atapita ndatsegula chitini. Gilisi wotsala wagwilana ngati phula. Kamtengo ka machisi kaima chilili pakati.

Akamanena kuti Josphat ndi wa mtima wapachala, ndimakhala chete. N'zoona kuti ndi waukali. Koma chala chinali kunja. Ndinali pambali pake, ndinaona.

Lamlungu, 9 Febuluwale

Wilbroad anamwalila Lachisanu. Tamuika lelo. Ana anai, womaliza sanayambe kuyenda. Ndinali m'gulu lokumba manda. Dothi lonyowa, lomata kukhasu. Mkazi wake anandithokoza.

Mlandu wa Josphat tsopano ndi wakupha munthu.

Pobwela kumanda ndawauza aSakala zonse, mpaka za kamtengo ka machisi.  Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Mau ao ndiwalembe monga anatulukila: "Ukakanena, adzati ndinasiya mfuti ya nkhondo m'manja mwa wantchito wopanda laisensi. Adzalanda zonse. Iwe udzalowa m'malo mwa Josphat, mkazi wako adzachoka m'nyumba ya pafamu. Mlamu wako ndimupezela loya wabwino. Chitinicho kachitaye kumtsinje, madzi ndi ambili."

Ndinafika nacho kumtsinje. Ndinabwela nacho.

Lolemba, 10 Febuluwale

Loya sadziwa za kamsomali. Apolisi mwina adzaitsegula mfutiyo, mwina ai. Akaitsegula osamva kwa ine, adzangoona dothi lakuda, sadzadziwa kuti linalowamo liti, ndi dzanja la yani.

Zisanu ndi chimodzi zija ndazipukuta, ndaziimika mwa msinkhu. Makiyi a kabati ndawasiya patebulo la bwana, pansi pa kapu. Zoti ndikukaulula kupolisi, mkazi wanga ndamuuza atapita kukatunga madzi, tili awili panjila. Anatula ndowa, anakhala pansi pamatope. Sananene kuti usapite. Sananenenso kuti pita.

Denga la kwa amai ake ku Kalindawalo, kumene angapite akachotsedwa pafamu, likudontha mbali ya kumadzulo. Ndinati ndidzakonza mu Epulo.

Ndavala majuzi awili, akuti simenti ya kupolisi imazizila. Sophia akuganiza kuti ndikungomupelekeza. Chitini ndachikulunga m'pepala, chili m'dengu pansi pa mbale za Josphat. Sophia yemweyo ndiye wachinyamula osadziwa.

Akuitana panja. Lamba ndamusiya pabedi, akuti amalanda pakhomo.